Kuchokera ku Neno kufika ku Moatize: chithandizo chopanda jakisoni

Msewu wa N7 ukachoka mumzinda wa Tete umawoloka mtsinje wa Revúbuè n'kulowa m'tauni ya Moatize, kumene fumbi la malasha limadetsa zovala zikadali pachingwe. Ukapitirira umayamba kukwera, kutentha kwa m'chigwa cha Zambezi kumatsalira m'mbuyo, mpaka umakafika pa Zóbuè, pamene malole amandanda kudikira kulowa m'Malawi. Kuseri kwa chipata ndi Mwanza, ndipo kumpoto kwa Mwanza kuli boma la Neno. Anthu a mbali ziwirizi amakwatirana, amayenderana pa maliro, amagulitsana mbatata ndi tomato, ndipo akakumana pamsika safuna womasulira.

Ku Neno komweko kunachitika kafukufuku amene zotsatira zake zinatuluka mu 2024 m'magazini yotchuka ya madokotala, The Lancet. M'zipatala 14 za m'bomalo, anthu oposa 400 amene anapezeka ndi matenda a kukhumudwa analandira chithandizo chimene mbali yake yaikulu inali kukhala pansi pagulu n'kukambirana, kamodzi pa sabata, kwa masabata asanu. Amene ankatsogolera zokambiranazo sanali madokotala. Anali anthu wamba a m'deralo, ophunzitsidwa kudzera ku bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo mogwirizana ndi unduna wa zaumoyo. Odwala ena ankalandiranso mapiritsi. Ambiri anapeza bwino, mphamvu zogwirira ntchito zapakhomo zinabwerera, ndipo ofufuzawo atafunsa anthu a m'nyumba za odwalawo anapeza kuti nawonso mitima yawo inapepuka.

Njira imene anagwiritsa ntchito, yokonzedwa ndi bungwe la WHO, inaphuka ku chithandizo chimene akatswiri amachitchula mwachidule kuti CBT, ndipo a zaumoyo a ku Mozambique amati terapia cognitivo-comportamental. Ndi uphungu wothandiza munthu kuona mmene maganizo ake, mmene akumvera mumtima ndi zochita zake zimakokerana, n'kuphunzira kusintha kaganizidwe ndi kachitidwe komwe kakumumiza.

Munthu akatenga mapu amaona chinthu chochititsa chidwi. Kum'mawa kwa Moatize kuli Neno. Kum'mwera, msewu wodutsa pa Cuchamano umakafika ku Harare, kumene agogo aakazi akhala akuchita uphungu wa mtunduwu pa mabenchi a m'zipatala kuyambira 2006. Kumadzulo kuli Lusaka, kumene unayesedwa pa amuna omwa mowa mwauchidakwa ndi akazi awo. Ndipo kumapeto kwa njanji ya Sena, imene yanyamula malasha a Moatize zaka zambiri, kuli Beira, kumene unayesedwa pa anthu amene angopezeka kumene ndi HIV. Boma la Moatize lili pakati pa malo onsewa, ndipo katundu amene anthu ake asenza m'maganizo si wochepa.

Katundu wa boma limodzi

Akuluakulu a ku Zóbuè amakumbukira nkhondo imene inatha ndi pangano la ku Roma pa 4 October 1992. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, ndipo msewu wa Tete unkayendedwa ndi magalimoto operekezedwa ndi asilikali. Ana amene anabadwira m'misasa ya othawa nkhondo lero ndi makolo. Ena mwa iwo anathawanso kachiwiri: mu 2015 ndi 2016, kuwomberana kutabuka m'madera monga Nkondezi, anthu oposa 10,000 anawolokera ku Kapise m'boma la Mwanza, ena n'kusamutsidwira kumsasa wa Luwani ku Neno.

Kumunsi, ku Moatize, nkhani ndi malasha. Kampani ya Vale ya ku Brazil inayamba kukumba mu 2011, itasamutsa mabanja 1,365. Ambiri anapititsidwa ku Cateme, mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchoka patauni, ena ku dera la 25 de Setembro. Anthu amene ankalima m'mbali mwa Revúbuè, kuwotcha njerwa, kugulitsa makala ndi masamba pamsika anapezeka ali kutali ndi madzi ndi msika womwe. Pa 10 January 2012 anthu mazanamazana a ku Cateme anatseka njanji, akudandaula za minda yosabereka ndi nyumba zong'aluka. Mu 2013 bungwe la Human Rights Watch linatulutsa lipoti lofotokoza mavuto a ku Cateme ndi ku Mualadzi, kumene anasamutsidwira anthu a kumgodi wa Benga. Kenako eni migodi anasinthana: kampani ya Rio Tinto inagulitsa mgodi wa Benga kwa ICVL ya ku India mu 2014, ndipo Vale inasiyira kampani ya Vulcan mgodi wake mu 2022. Mtengo wa malasha ukakwera ntchito zimachuluka, ukatsika makontirakiti amatha. Mu January 2022 namondwe Ana anasefukiritsa Revúbuè, n'kuwononga mlatho ndi nyumba za anthu.

Zonsezi zinalembedwa m'malipoti, ndipo ziwerengero za matani a malasha zilipo. Chimene sichioneka pa sikelo ndi bambo amene tulo timamuthera pakati pa usiku, mayi amene wasiya kupita kutchalitchi ndi kumsika, ndi mnyamata amene amayamba kachasu dzuwa lisanafike pamutu. Kuchipatala anthu otere amafika akudandaula za mutu, mtima wothamanga, msana ndi kufooka. Akayezedwa malungo n'kupezeka alibe, amabwerera ndi panado. Achibale amati akuganiza kwambiri, ndipo sanama.

Mu 2014 WHO inayerekezera kuti pa anthu 100,000 alionse ku Mozambique, 27.4 amadzipha chaka chilichonse, chiwerengero chimene chinaika dzikoli pamwamba mu Africa. Ziwerengero za zaka zotsatira zinatsika.

Maganizo obwera okha

CBT inayambira ku Philadelphia, ku America, m'zaka za m'ma 1960. Dokotala Aaron Beck anaphunzira njira ya Freud, imene inkati kukhumudwa ndi mkwiyo umene munthu waubwezera mwa iye yekha. Pofuna kutsimikiza zimenezi anafufuza maloto a odwala ake, koma mkwiyowo sanaupeze. Anapeza kuluza, kukanidwa ndi kulephera. Atamvetsera bwino anazindikira kuti ngakhale masana, m'mutu mwa odwalawo munkadutsa timaganizo tachangu, tobwera tokha, timene iwo ankatitenga ngati choonadi chosafunika kufunsa: ndine wachabechabe, palibe amene amandifuna, sizidzasinthanso. Beck anayamba kuwafunsa kuti agwire ganizo limodzi, aliyang'ane, afufuze umboni wake. Mu 1977 gulu lake linayerekeza njirayi ndi mankhwala otchedwa imipramine pa odwala 41, ndipo kukambirana sikunagonje. Beck anamwalira mu 2021 ali ndi zaka 100. Ku New York, Albert Ellis anali atayamba kale kuphunzitsa zofanana nazo m'zaka za m'ma 1950.

Kuti zimveke, tiyerekeze bambo wa ku Moatize amene ankayendetsa makina pakampani ina yogwira ntchito kumgodi, ndipo kontirakiti yatha. M'mawa wina akudutsa pamsewu, mnzake wakale wavala yunifolomu, wakwera basi ya kampani, sanamupatse moni. Nthawi yomweyo ganizo lafika: onse andinyoza, ndatha ine. Chifuwa chalemera. M'malo mopita kumene anamva kuti akufuna owotcherera zitsulo, wabwerera kunyumba n'kugona. Madzulo mkazi wafunsa za ndiwo, iye wamva ngati akumutonza, wakalipa, watuluka kupita kubaraka, malo omwera mowa. Mawa lake wadzuka ndi matsire, ngongole yakwera, ndipo ganizo lija lapeza umboni watsopano.

Mlangizi wa CBT sayamba ndi kumuuza kuti alimbe mtima. Amamufunsa mafunso.

"Bambo, pamene anzanu aja anadutsa, munaganiza chiyani?"

"Kuti sandiwerengeranso."

"Anakuonani ndithu?"

"Kaya. Basi inali ikunyamuka."

"Nanga akanakhala mng'ono wanu amene ntchito yamuthera, mukanamuuza kuti watha?"

"Ayi, ameneyo ndikanamuuza kuti ntchito zimatha, manja ali nawo."

Funso lomalizali limagwira ntchito chifukwa anthu ambiri amadziweruza ndi nkhanza imene sangaichitire m'bale wawo. Mlangizi sakuphunzitsa bamboyo kudzinamiza kuti zonse zili bwino, pakuti ntchito yathadi ndipo ufa m'nyumba wachepadi. Akumuthandiza kusiyanitsa chimene chachitika ndi chiweruzo chimene wadzipatsa. "Kontirakiti yatha" ndi nkhani imene munthu angaipezere chochita. "Ndatha ine" imamugoneka pamphasa.

Mbali yachiwiri, imene alangizi ambiri a m'midzi amaiona kuti ndi yosavuta kuphunzitsa, ndi ya zochita. Munthu wokhumudwa amadikira kuti mtima ukhale bwino kaye ndiye adzuke. CBT imatembenuza dongosololi: ayambe kachinthu kakang'ono, mtima utsatira pambuyo. Amagwirizana ndi mlangizi kuti Lachiwiri m'mawa akonza chitseko cha khola, Lachinayi akaonana ndi mwini malo owotcherera zitsulo, Lamlungu akakhala nawo pa kwaya ngakhale asaimbe. Sabata yotsatira amabwera kudzanena zimene zatheka ndi zimene zakanika, ndipo zokanikazo amaziunika pamodzi popanda kudzudzulana. Palinso kuphunzira kupuma pang'onopang'ono mtima ukayamba kuthamanga, ndi luso lothetsa mavuto: kutchula onse, kusankha limodzi lotheka, kuganizira njira zingapo, kusankha imodzi, kuika tsiku.

Luso lomalizali ndilo msana wa Friendship Bench ya ku Zimbabwe, ntchito ya agogo a pa mabenchi aja. Dokotala Dixon Chibanda anayamba ndi agogo aakazi 14 ku Mbare, mu Harare. Kafukufuku wa anthu 573 m'zipatala 24, amene anatuluka m'magazini ya JAMA mu 2016, anapeza kuti patatha miyezi 6, mwa amene anakhala pabenchi ndi agogo maulendo okwana 6, anthu 14 pa 100 alionse ndi amene anali akadali ndi zizindikiro za kukhumudwa. Mwa amene analandira chithandizo cha masiku onse anali 50 pa 100.

Botolo ndi chibaba

Pa nkhani ya mowa mpamene boma la Moatize lili ndi zambiri zoti limve. Kutauni kuli mabaraka amene amadzaza tsiku la malipiro. Ku Zóbuè kuli madalaivala ogona masiku akudikira mapepala a katundu, osintha ndalama, anyamata a njinga zamoto ndi onyamula katundu, onse ogwira ndalama ya tsiku ndi tsiku pafupi ndi pogulitsira mowa. M'midzi muli kachasu, amene kwa amayi ambiri ndiye amalipira sukulu ya ana. Maboma ayesapo kuletsa mowa waukali wotchipa: Zambia inaletsa tujilijili mu 2012, Malawi inaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015. Lamulo lingachotse sacheti pamsika, koma munthu amene thupi ndi maganizo ake zinazolowera amapeza china.

CBT imaona uchidakwa ngati chizolowezi chimene munthu anachiphunzira, chokhala ndi zoyambitsa zake ndi malipiro ake. Mlangizi amafunsa mwatsatanetsatane za tsiku lomaliza limene munthu anamwa: inali nthawi yanji, anali ndi ndani, m'thumba munali zingati, panali patachitika chiyani kunyumba, mowawo unamuchotsera chiyani kwa maola angapo, ndipo unamusiyira chiyani m'mawa. Anthu ambiri amadabwa kuona kuti kumwa kwawo kuli ndi njira yake yodziwika. Wina amamwa akangolandira ndalama m'manja. Wina akakangana ndi mkazi. Wina amamwa kuti agone, chifukwa akatseka maso amaona zimene anaona ali mwana pa nthawi ya nkhondo.

G. Alan Marlatt, wa pa yunivesite ya Washington ku Seattle, anafufuza anthu amene anasiya mowa n'kuyambiranso, ndipo anapeza kuti ambiri anagwa pa zinthu zitatu: kuwawidwa mtima, mikangano ndi anthu, ndi kukakamizidwa ndi anzawo. Buku limene analemba ndi Judith Gordon mu 1985 linasintha kachitidwe ka alangizi ambiri. Marlatt anaphunzitsa kuti chibaba chimakwera, chimafika pachimake, kenako chimatsika chokha ngati munthu sanachidyetse, monga mmene Revúbuè amadzazira mvula ikagwa kumtunda n'kuphweranso. Munthu amene waona yekha kuti chibaba chinabwera n'kupita iye osamwa amakhala ndi umboni umene palibe ulaliki ungamupatse.

Choncho chithandizo chimakhala cha zinthu zogwirika. Tsiku la malipiro ndalama zipite pa M-Pesa ya mkazi kapena ya m'bale wodalirika munthu asanadutse pabaraka. Pobwera kuntchito adzere njira ina. Ayeseze, mokweza mawu, pamaso pa mlangizi, mmene adzakanire mnzake akadzati "achimwene, kamodzi kokha, ndagula ine." Kukana kotere n'kovuta kwa mwamuna amene anzake onse ali pabaraka, ndipo mlangizi wanzeru amadziwa kuti akuchotsa malo amene munthuyo amachezerako, kumva za ganyu ndi kuonera mpira. Pamafunika kupeza china choika m'malomo, apo ayi madzulo amatalika kwambiri.

Marlatt anaonanso msampha wina. Munthu amene wakhala miyezi iwiri osamwa akalawa botolo limodzi paukwati, amadziuza kuti zonse zagwa, ndine chidakwa basi, ndipo amamwa sabata yathunthu. Ganizo limenelo ndi limene limasandutsa kuterereka kukhala kugwa. Alangizi amakonzekeretsa munthu pasadakhale kuti tsiku lotere likadzafika adzabwere msanga, adzaunike chimene chinachitika, apitirize.

Umboni wa pafupi kwambiri pa nkhaniyi uli ku Lusaka. Laura Murray wa pa yunivesite ya Johns Hopkins ndi anzake, mogwirizana ndi bungwe la SHARPZ, anayesa njira yotchedwa CETA, imene imatenga zigawo za CBT n'kuzisanja malinga ndi vuto la munthu: mowa, kukhumudwa, nkhawa, kapena zoopsa zimene anakumana nazo. Anatenga mabanja 248 a m'makomboni a Lusaka, mmene mwamuna ankamwa mopitirira ndipo mkazi ankachitiridwa nkhanza. Amuna ndi akazi ankaonana ndi alangizi osiyana, anthu wamba ophunzitsidwa. Patatha chaka, kumwa kwa amuna ndi nkhanza kwa akazi zinatsika kwambiri mwa amene analandira CETA, moti komiti yoyang'anira kafukufukuyo inalangiza kuti kuyerekezako kuime ndipo mabanja enawo apatsidwenso chithandizocho. Zotsatira zinatuluka mu 2020 m'magazini ya PLOS Medicine. Ambiri a m'makomboni amenewo amayankhula Chinyanja, ndipo mavuto awo, a ndalama yosakhazikika, mowa wotchipa ndi ndewu za usiku, mayi wa ku Moatize angawazindikire msanga.

Pamene kukambirana sikukwanira

Pali malire amene ayenera kunenedwa mosabisa, chifukwa kuwabisa kungaphetse munthu. Amene wakhala akumwa kwambiri tsiku lililonse kwa zaka sayenera kusiya mwadzidzidzi ali yekha kunyumba. M'masiku awiri kapena atatu oyamba thupi likhoza kunjenjemera, kutuluka thukuta, kugwa ngati wakhunyu, kapena kuyamba kuona zinthu zimene palibe, ndipo ena amafa. Woteroyo ayambire kuchipatala, kumene kuli mankhwala othandiza kudutsa masiku amenewo. Uphungu umabwera mutu utakhazikika. Chimodzimodzi munthu amene akumva mawu, amene wasokonezeka atasuta chamba, wakhunyu, kapena amene wayamba kunena zodzipha: ameneyo afike kwa a zaumoyo tsiku lomwelo. Ndipo mayi amene moyo wake uli pangozi chifukwa cha nkhanza ayenera kutetezedwa kaye, zokambirana pambuyo.

Pa uchidakwa, kafukufuku wa m'maiko ambiri amasonyeza kuti CBT imaposa kukhala osalandira chithandizo, koma siposa kwambiri njira zina zabwino za uphungu, ndipo anthu ambiri amagwa kangapo asanaime. Aliyense wolonjeza kuti masabata 6 athetsa zaka 20 za kachasu akunama.

Funso lolemera kwambiri ndi limene munthu wa ku Cateme angafunse, ndipo ali ndi ufulu wolifunsa: munda wanga ndi wamiyala, madzi ali kutali, ndiye mukuti vuto lili m'mutu mwanga? Yankho loona ndi lakuti vuto lili m'mundamo. Uphungu umene ungagwiritsidwe ntchito kuti anthu akhale chete pa nkhani ya fumbi, minda ndi chipukuta misozi ungakhale chipongwe. Koma kukhumudwa kumalanda munthu mphamvu imene amafunika kuti alime, agulitse, apite kumsonkhano wa mudzi ndi kukafunsa zimene analonjezedwa. Bambo amene wagona m'nyumba kapena waledzera pofika masana sangatsatire nkhani ya malo ake ku ofesi ya boma. Anthu a ku Neno amene anapeza bwino sanalemere chifukwa cha magulu aja, koma anadzuka.

Sikuti anthu a m'chigawo cha Tete analibe njira zawo. Nkhondo itatha, mabanja ambiri m'Mozambique analandira obwerera kwawo ndi miyambo yowasambitsa ndi kuwayanjanitsa ndi makolo, zimene akatswiri monga Alcinda Honwana analemba. Ankhoswe, mafumu, atsogoleri a mipingo ndi asing'anga, amene ali ndi bungwe lawo la AMETRAMO, ndi amene munthu wovutika maganizo amayamba kuwaona. Mlangizi amene angafike n'kunyoza anthu amenewa adzakhala yekha pabenchi. Chimene CBT imawonjezera ndi dongosolo: kufunsa m'malo molamula, kusunga chinsinsi, kupangana chochita, ndi kubweranso sabata yamawa kudzaona ngati chatheka. Uphungu wa kwathu nthawi zambiri umakhala wa wamkulu kuyankhula, wamng'ono kuweramitsa mutu. Agogo a ku Harare anachita kuphunzira kudziletsa kupereka malangizo kuti wodwala apeze yekha njira, ndipo imeneyi ndi mbali imene imavuta kwambiri pophunzitsa alangizi atsopano.

Anthu alipo kale

Mozambique ili kale ndi maziko. Poona kuti madokotala a matenda a maganizo ndi owerengeka, ndipo zipatala zapadera za matendawa zili kutali, ku Infulene mu Maputo ndi ku Nampula, unduna wa zaumoyo unayamba mu 1996 kuphunzitsa a técnico de psiquiatria, amene amaona odwala ndi kulemba mankhwala m'zipatala za m'maboma. Anali 66 mu 2010, ndipo pofika 2014 anali 241, atafalikira pafupifupi m'maboma onse. Koma kafukufuku wa m'chigawo cha Sofala anasonyeza kuti ambiri obwera kwa iwo ndi akhunyu ndi amisala, pamene okhumudwa ndi ochepa kwambiri pamzere. Chitseko cholembedwa kuti psiquiatria anthu amachiopa. Woganiza kwambiri salowapo, poopa kuti anansi adzati wapenga.

N'chifukwa chake ntchito zatsopano zikupita kumene anthu ali kale. Ku Beira, CETA inaperekedwa ndi alangizi a m'zipatala za HIV, pamalo pomwe anthu amadzatengera ma ARV. Ku Nampula, Lídia Gouveia, amene anatsogolera nthambi ya matenda a maganizo ku unduna, ndi Milton Wainberg wa pa yunivesite ya Columbia anayendetsa ntchito yotchedwa PRIDE, yophunzitsa anamwino ndi azaumoyo a m'midzi kuzindikira mavutowa pogwiritsa ntchito mafunso a pafoni ndi kupereka uphungu waufupi, kuphatikizapo wa mowa. Njira zawo zina si CBT yeniyeni, koma mzimu wake ndi womwewo: chithandizo chachifupi, chadongosolo, choperekedwa ndi munthu wapafupi. Ku Neno magulu aja analumikizidwa ku kiliniki ya matenda okhalitsa, kumene wa shuga, wa BP ndi wa HIV amakhala pamzere umodzi, kotero palibe amene amadziwa chimene mnzake wabwerera.

M'midzi ya Mozambique muli kale ma APE, azaumoyo a m'mudzi amene amayeza malungo ndi kupereka mankhwala a ana. Muli magulu a anthu omwa ma ARV amene amasinthana kukatenga mankhwala, njira imene inayambira m'chigawo cha Tete momwemo mu 2008 mothandizidwa ndi Médecins Sans Frontières, kenako n'kufalikira dziko lonse. Anthu amene anaphunzitsa dziko kuti odwala angathe kusamalana okha pa HIV sangalephere kuphunzira misonkhano isanu ya uphungu.

Chimene ntchito za ku Neno, Harare ndi Lusaka zikugwirizana n'chakuti maphunziro a masabata awiri paokha sakwanira. Alangizi ankakumana ndi owayang'anira kawirikawiri, kufotokoza nkhani zovuta, kukonzedwa pamene alakwitsa, ndiponso kupepuzidwa, pakuti kumva mavuto a anthu tsiku ndi tsiku kumalemera. Pamafunika técnico kapena katswiri wa maganizo woti mlangizi amuimbire foni munthu akanena zodzipha. Pamafunikanso malipiro, chifukwa mlangizi wanjala amasiya ntchito nyengo yolima ikafika. Pa chinenero, Zóbuè ili ndi mwayi: zimene alangizi a ku Neno anagwiritsa ntchito m'Chichewa zingamveke kutsidya kuno popanda kusintha zambiri. Ku tauni ya Moatize ndi ku Cateme pangafunike Chinyungwe, ndipo omasulira ake ayenera kukhala anthu a komweko.

Ndalama zake si za mlatho kapena njanji. Malamulo a Mozambique amati 2.75 peresenti ya msonkho wa zokumbidwa m'migodi izibwerera kumadera kumene migodiyo ili, ndipo madera a m'boma la Moatize, kuphatikizapo Cateme, ali m'gulu la olandira. Ndalamazi kawirikawiri zimapita ku zinthu zooneka ndi maso, monga zipinda za sukulu, mijigo ndi misika, ndipo makomiti a m'madera amayenera kufunsidwa pa kagwiritsidwe ntchito kake. Mfumu, mayi wa m'komiti kapena mtsogoleri wa achinyamata angathe kuimirira pamsonkhano wotere n'kupempha kuti pa mndandandawo alembepo malipiro a alangizi angapo, mafuta a njinga yamoto ya wowayang'anira, ndi ulendo wa tsiku limodzi wokaona mmene magulu a ku Neno amayendera.